Nthambo ya fiber siilumikizidwa ndi tepi

Owerenga wina wanditumizira imelo. Akuti chitseko chinapana nthambo ya fiber yopita ku kabokosi ka intaneti, kagetsi ka LOS (kosonyeza kuti kuwala kwa intaneti sikukufika) kakuyaka kofiira, ndipo mnzawo wawauza kuti angodula pophwanyikapo, apote mbali ziwirizo n'kukulunga tepi. Akufunsa ngati zingatheke.

Ayi, sizingatheke, ndipo mnzanuyo musamulole kuyandikira nthamboyo. Malangizo oterewa ndi amene amachititsa kuti vuto laling'ono lithere pa kukoka nthambo yatsopano kuchokera pa pholo.

M'nthambo imeneyi mulibe kopa, simudutsanso magetsi. Muli kagalasi kowonda ngati tsitsi, ka ma micron 125 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), ndipo kuwala kumayenda pakatikati pake penipeni, pa ma micron 9 okha. Mbali ziwiri zikangophonyana pang'ono, kuwala kwatayika. N'chifukwa chake mmisiri amasenda khungu la nthambo, kupukuta galasi ndi sipiriti wa isopropyl, kulidula ndi chodulira chake chotchedwa cleaver kuti kunsonga kukhale kosalala, kenako makina a fusion splicer amalunjikitsa nsonga ziwirizo n'kuziwotcherera. Powotchererapo amavekapo kapaipi kokhala ndi kachitsulo m'kati n'kukatenthetsa kuti kagwire. Akawotcherera bwino, sipatayika kuwala kuposa 0.1 dB (dB ndi muyeso wa kuwala kotayika). Zala ndi tepi zifika pati pamenepo?

Chimene chimandiwawa n'chakuti intaneti ikaduka anthu amathamangira kunena mvula, mitambo, kampani, pomwe kawirikawiri vuto limakhala m'mamita omalizira a m'nyumba momwemo. Mvula siisokoneza kuwala kwa m'galasi, pokhapokha madzi atalowa m'bokosi lolumikizira panja. Chimene chimapha fiber m'nyumba ndi kupinda. Nthambo ikakhotetsedwa molimba, kuwala kumathawira m'mbali ngakhale galasi lisanathyoke. Ya mtundu wa G.652D siifuna kukhota kothina kuposa mamilimita 30, ya G.657A2, yopangidwira m'nyumba, imapirira mpaka 7.5. Koma imeneyonso siipirira mwendo wa sofa, msomali wokhomedwa mwamphamvu pakhoma, kapena cable tie yokokedwa mpaka kulowa m'khungu. Makoswe nawo amaikonda, makamaka kudenga.

Ndipo kuwala kumene kumafika kwanu sikochuluka. Pa GPON, njira yofikitsira fiber m'nyumba za anthu, nthambo imodzi imagawidwa ku nyumba zambiri, ndipo splitter ya 1:32, yogawira kuwala nyumba 32, yokha imadya pafupifupi 17 dB. Kabokosi kanu, ONT, kamagwira ntchito kakamalandira kuwala kwa mphamvu ya pakati pa -8 ndi -27 dBm (-27 ndiye kofooka kwambiri). Nyumba yomwe ili kale pa -24, nthambo ikangopindika n'kutaya kuposa 3 dB, basi yatuluka. Intaneti yobwera n'kupita nthawi zambiri imayambira apa. Ine ndimati mmisiri amene wamaliza ntchito osakuonetsani nambala ya pa power meter, choyezera mphamvu ya kuwala, sanamalize. Ifunseni, muilembe kuseri kwa kabokosi, kuti tsiku lina mudzakhale ndi poyerekezera.

Poti tafika apa, nkhani ya mitundu ya mitu yolumikizira ya kunsonga kwa nthambo. Mutu wobiriwira ndi SC/APC, nsonga yake inasemedwa mopendekera madigiri 8. Wabuluu ndi SC/UPC, nsonga yake ndi yowongoka. Onse awiri amalowa malo amodzi n'kulira "thi" ngati zili bwino, koma magalasi sakhudzana mokwanira, kuwala kumatayika, ndipo nsonga zimatha kukalana. Wogulitsa akakuuzani kuti n'zofanana, siyani, kaguleni kwina.

Fumbi nalo. Kachitsotso kosaoneka ndi maso kamakwanira kutseka ma micron 9 aja. Anthu amazula mutu, kuupuzira ndi pakamwa, kuupukuta pa malaya, n'kuubwezera uli ndi mafuta a m'manja. Chopukutira chake ndi kachipangizo kotchedwa one-click cleaner, kapena kansalu kosasiya ulusi ndi dontho la isopropyl. Mutu ukakhala wozula, uvekeni kachivindikiro kake. Ndipo musasuzumiremo kuti muone ngati mukubwera kuwala: kuwala kwake maso sakuona, koma kukhoza kuwavulaza.

Tsono muchite chiyani

Tsatirani nthamboyo muone yomwe yapanidwa. Ngati ndi kachingwe kakafupi kochokera pa kabokosi ka pakhoma kupita ku ONT, kokhala ndi mitu mbali zonse, muli ndi mwayi: gulani china, chimatchedwa patch cord, cha mtundu wa single mode, cha mitu yofanana ndi chakalecho, mulowetse mpaka chilire, ndipo chotsalacho muchikulunge momasuka, mkombero wosachepera masentimita 10. LOS ikazima, kagetsi ka PON n'kuyaka mosaphethira, zatheka.

Ngati ndi nthambo yochokera panja, itanani kampani yanu. Adzawalitsa kuwala kofiira kwa VFL, katochi koonera pothyoka, kuti aone pothyoka, n'kuwotcherera. Akafuna kungoika fast connector, mutu wongomanga popanda kuwotcherera, dziwani kuti imataya kuwala kochulukirapo ndipo imakhwefuka msanga. Pemphani kuwotcherera ngati makina ali nawo. Auzeninso adutsitse nthamboyo pabowo la pakhoma m'kati mwa kapaipi, osati pa chitseko. Tizidutswa ta galasi totsala musatole ndi zala, timalowa m'khungu. Tinyamuleni ndi tepi ija.