Ndalama ya makutu musaiwerengere isanalowe mu akaunti

Funso: Bambo a kunyumba kwanga analowa usilikali wa ku Britain mu 2009, anapita ku Afghanistan mu 2012, ndipo anatuluka mu 2021. Tikukhala ku England. Masiku ano TV amaikweza mpaka ana amathawira kuchipinda. Ndikawaitana ndili kukhitchini sayankha, ndipo usiku amati m'makutu mukulira ngati nyenje za mu Okutobala. Anzawo pa gulu la WhatsApp akuti aliyense wa vuto limeneli akulandira chipukuta misozi. Iwo akufuna tikongole ndalama tigule chigayo kumudzi, ngongoleyo tidzabweze ndalamazo zikatuluka. Kodi nzanzeru?

Yankho: Mayi, za ngongolezo muyambe mwaziimika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo uyu sanafike n'komwe pachala. Pempho la chipukuta misozilo alembedi, mwinanso sabata ino, koma palibe angakuuzeni lero kuti lidzabala zingati kapena lidzabala liti.

Makanema ambiri amene amazungulira m'magulu a asilikali akale ndi a ku America. Kumeneko nthambi ya boma yoona za asilikali akale, yotchedwa VA, imawerengera kulira kwa m'makutu, kumene madokotala amati tinnitus, pakokha pa 10 peresenti, munthu n'kumalandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Ku Britain malamulo ndi ena, ndipo boma lili ndi ndondomeko ziwiri zolipirira asilikali ovulala pantchito. Amene anavulala lisanafike tsiku la 6 Epulo 2005 amapita ku War Pension Scheme, ndipo ovulala kuyambira tsikulo amapita ku Armed Forces Compensation Scheme, mwachidule AFCS. Amuna anu analowa mu 2009, ndiye yawo ndi AFCS. Ofesi yake ndi Veterans UK. Kulemba fomu n'kwaulere, sipafunika loya, sipafunika kusonyeza kuti wina analakwa, ndipo ndalama yake sidulidwa msonkho.

Povuta ndi pa muyeso. Ngati makutu anawonongeka pang'onopang'ono ndi phokoso la zaka zambiri, amafuna kuti makutu onse awiri akhale atataya ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) 50 kapena kuposerapo, poyeza pa mamvekedwe a 1, 2 ndi 3 kHz (muyeso wa kusongoka kwa liwu) n'kutenga pakatikati pake. Muyeso umenewu ndi wa munthu amene wagonthadi kwambiri. Tsono phokoso la mfuti ndi injini limayamba kudya pamwamba, cha pa 4 kHz, pamene pamakhala timawu tosongoka ngati "s" ndi "f". N'chifukwa chake bambowo amamva kuti mukulankhula koma osatola mawu ake, makamaka pagulu kapena madzi akamathira m'sinki. Munthu akhoza kumavutika chonchi tsiku lililonse, pepala la muyeso n'kunena kuti sanafike pa 50. Nyenje za m'makutuzo mu AFCS sizikhala ndi mtengo wakewake, amaziphatikiza mu ndalama ya kugontha. Ine muyesowu ndimauona wouma mtima, koma ndi umene ulipo.

Kuphulika kwa bomba kapena chiphokoso cha kamodzi chimene chinavulaza khutu amakuwerengera padera, ngakhale litakhala khutu limodzi. Apa ndiye pabwera nkhani ya nthawi, ndipo ndi imene yandichititsa kuyankha kalata yanu msanga. AFCS imapereka zaka 7, kuwerengera pa tsiku loyambirira mwa awa: tsiku la ngozi, tsiku limene munthu anayamba kuonana ndi dokotala za matendawo, kapena tsiku lotuluka usilikali. Ambiri amaganiza kuti amawerengera potuluka basi. Ngati bambowo anadandaula koyamba kwa dokotala wa kubalaki mu 2020, nthawi yawo ikutha mu 2027, osati 2028. Ngati chinawavulaza ndi bomba la mu 2012, zaka 7 zinatha kale, ndipo pafunika munthu wodziwa kuti aone ngati pali chifukwa chovomerezeka chochedwera.

Njira yachiwiri ndi ya kukhothi, kusumira unduna wa zachitetezo kuti sunateteze makutu a msilikali mokwanira. Kuno muyeso wa 50 kulibe, koma pafunika umboni wa kulekerera, ndipo kawirikawiri ndi wa nthawi ya maphunziro ndi kumalo ophunzirira kuwombera, chifukwa zochitika mkati mwenimweni mwa nkhondo lamulo limaziteteza. Malire ake ndi zaka 3 kuchokera pamene munthu anadziwa kuti vutolo lachokera kuntchito, ngakhale woweruza ali ndi mphamvu yowonjezera. Mu 2024 undunawu unagwirizana ndi maloya oimira asilikali akale zikwizikwi kuti pa milandu yawo usiye ena mwa makani ake, choncho loya aliyense amene mungakumane naye mumufunse ngati mgwirizanowo ukukhudza amuna anu.

Ndalama zikuluzikulu zimene anzawo akutchula ndi za njira imeneyi. Mu 2023 khothi lalikulu la ku England linapatsa James Barry, yemwe anali msilikali wa gulu la Royal Marines, mapaundi oposa 700,000. Koma gawo lalikulu linali la malipiro amene akanalandira makutu akanapanda kumudulira ntchito akadali mnyamata. Munthu amene anamaliza bwino usilikali ndipo akugwira ntchito ina asayembekezere zoterozo. Komanso simungadye kawiri pa bala limodzi: zimene mwalandira kwina amazichotsera kwinako.

Maloya ambiri amagwira mwa "no win no fee", kutanthauza kuti mukaluza simuwalipira. Mukawina amadula gawo lawo, lomwe lamulo limati lisapose 25 peresenti ya ndalama ya kuvulala ndi ya zimene munataya kale. Musanasayine, funsani za inshuwalansi imene amaiphatikizamo, ndi zimene zingachitike mutafuna kusiyira panjira. Amene akufuna ndalama patsogolo kuti akudzazireni fomu ya AFCS mum'kane. A bungwe lothandiza asilikali akale la Royal British Legion amathandiza kwaulere, mpaka pa apilo ngati pempho lakanidwa.

Ntchito yeniyeni ili pa mapepala. Msilikali amayezedwa makutu polowa, pakapita nthawi, ndi potuluka. Amamuveka mahedifoni m'kachipinda kotsekedwa, iye n'kumadina batani akamva kalikhweru, ndipo khutu lililonse limapatsidwa giredi, H1 kutsika mpaka H4. Bambowo apemphe mafayilo awo onse a chipatala cha usilikali, ndi ufulu wawo ndipo salipira. Pepala lakuti analowa ali H1 n'kutuluka ali H2 kapena H3 limalankhula kuposa mboni khumi. Kenako apite kwa dokotala wawo wa m'dera (GP) awatumize kukayezetsa makutu ku chipatala cha boma (NHS), kumene timakina tothandiza kumva amapereka ulere. Ndikudziwa abambo athu, kachipangizo kukhutu amakaona ngati chizindikiro cha ukalamba. Koma muyeso watsopanowo ndi umboninso, ndipo inuyo mulembe m'kope zimene mukuona panyumba, ndi masiku ake.

Za chigayo ndinayamba ndaseka, mundikhululukire. Mwa mabizinesi onse a kumudzi, mwasankha imene munthu amatulukamo ali mbuu ndi ufa, makutu ali ngwee, moti pofuna kuuza wogayitsa mtengo amachita kukuwa. Ngati bambowo akulota zodzabwerera kukaima okha pachigayo, makutu otsalawo akathera pomwepo. Ngati akufuna kusiyira m'bale, ndiye ganizirani za bilu ya magetsi kapena dizilo, malamba oduka, sefa zobooka, ndi ndalama ya tsiku imene mwini wake ali kutsidya la nyanja saiona. Chigayo chimapindula, sindikukana, koma chigulidwe ndi ndalama imene muli nayo. Ngongole ya mapaundi imayamba kubala chiwongoladzanja mwezi womwewo, pamene pempho lotere limatha kutenga miyezi yambiri, la kukhothi zaka.

Ngati mumalandira thandizo la boma la Universal Credit, dziwaninso kuti ndalama yosunga yoposa mapaundi 16,000 imatha kuimitsa thandizolo. Ya kuvulala saiwerengera kwa miyezi 12 yoyamba, ndipo pali njira yoiika mu trust, kutanthauza thumba lapadera losungidwa mwalamulo, kuti asaiwerengebe. Zimenezo mudzafunse cheke chisanafike.

Mafayilo akabwera, tsegulani pofufuza tsiku limene mawu oti tinnitus kapena hearing loss analembedwa koyamba. Muwerenge zaka 7 kuchokera pamenepo, tsikulo mulilembe pakalendala ya kukhitchini.