Mafunso a Owerenga: Mankhwala a Khansa Angadzetse Bwanji Nyamakazi?

FUNSO: Mwana wa mlongo wanga anamaliza digiri ya PhD, ndipo tsopano ali ku America kumene akuti akugwira ntchito ya postdoc pa za bioinformatics, yofufuza nyamakazi yobwera chifukwa cha mankhwala a khansa. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti iye si dokotala woona odwala, ndipo tikamaimbirana foni amati tsiku lonse amakhala pa kompyuta. Kodi mankhwala angachize matenda ena n'kuyambitsa ena, nanga munthu angafufuze bwanji mawondo amene sanawagwirepo? — Malume odabwa, Zomba

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mankhwala amene mwana wa mlongo wanu akunena si a chemotherapy amene ambiri timawadziwa, amene amapha maselo a khansa mwachindunji. Awa amagwiritsa ntchito asilikali a m'thupi, makamaka maselo otchedwa T, omwe ena mwa iwo ndi a CD4 amene amawerengedwa ku chipatala kwa anthu omwa ma ARV. Asilikaliwa ali ndi mabuleki achilengedwe owaletsa kuukira thupi lawo lomwe, ndipo khansa imachenjera n'kuponda mabulekiwo kuti chotupa chikule popanda wochisokoneza. James Allison wa ku America anasonyeza kuti kumasula buleki yotchedwa CTLA-4 kumathandiza thupi kulimbana ndi chotupa, pomwe Tasuku Honjo wa ku Kyoto anatulukira buleki ina, PD-1, mu 1992, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mankhwala oyamba a mtunduwu, ipilimumab, anavomerezedwa ku America mu 2011 pochiza khansa ya pakhungu ya melanoma, ndipo nivolumab ndi pembrolizumab anatsatira mu 2014.

Vuto n'lakuti msilikali akamasulidwa sasankha bwino pomenya. Mwa odwala ena amaukira matumbo, chithokomiro, khungu kapena mapapo, ndipo mwa ochepa pa 100 aliwonse amaukira molumikizana mafupa, moti bondo limatupa n'kutentha, zala zimauma m'mawa mpaka munthu kulephera kumanga mabatani a malaya. Madokotala a ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, motsogozedwa ndi Laura Cappelli, anali m'gulu la oyamba kufotokoza nyamakaziyi mwatsatanetsatane, ndipo anapeza zinthu ziwiri zodabwitsa. Odwala ambiri sapezeka ndi zizindikiro za m'magazi zimene zimadziwikitsa nyamakazi ya rheumatoid, ndiponso ululuwo ungapitirire kwa miyezi kapena zaka munthu atasiya kale mankhwala a khansawo.

Apa ndi pamene dokotala amathedwa nzeru. Nyamakaziyi amaiziziritsa ndi prednisone, ikakanika amawonjezera methotrexate kapena mankhwala ena amphamvu monga infliximab ndi tocilizumab, koma onsewa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, chomwe ndi chimene wodwalayo akudalira kuti chotupa chisabwererenso. Funso lalikulu la kafukufukuyu, mmene ine ndikuonera, ndi limeneli: kodi asilikali amene akuwononga bondo angasiyanitsidwe ndi amene akupha khansa, kuti tigwire dzanja ena n'kuwasiya enawo apitirize ntchito?

Funso lotere silingayankhidwe ndi maso. Dokotala amalowetsa jakisoni m'bondo lotupa n'kukoka madzi achikasu, odetsedwa ndi kuchuluka kwa maselo, ndipo ku labotale makina amalekanitsa maselowo limodzilimodzi n'kuwerenga ma jini amene akugwira ntchito mu selo lililonse. Ndikati ma jini sindikunena majini a ziwanda, koma malangizo a chibadwa amene ali m'maselo athu, omwe mwa munthu alipo pafupifupi 20,000. Tangoganizani ndandanda ya maselo 10,000, lililonse ndi manambala 20,000, zomwe zikupereka manambala 200 miliyoni kuchokera m'bondo la munthu mmodzi. Palibe amene angawerenge zimenezi ndi cholembera, ndipo ntchito ya bioinformatics, yosanthula manambala otere ndi kompyuta, imayambira pamenepa.

Mwana wa mlongo wanu ayenera kuti amalemba malangizo a kompyuta m'zinenero zotchedwa R ndi Python. Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kupeta, ngati mmene amachitira mayi ndi lichero: kuchotsa maselo akufa, kuchotsa maselo awiri amene makina anawawerenga ngati limodzi, ndi kukonza kusiyana kumene kwabwera chabe chifukwa chakuti madzi ena anatengedwa ku chipatala china kapena tsiku lina. Ndi ntchito yotopetsa ndiponso yosatamandidwa, koma wofufuza wopupuluma pano amalengeza zimene kulibe. Akatha kupeta, pa kompyuta pamaoneka timadontho tamitundumitundu tounjikana m'magulu, kadontho kalikonse n'kukhala selo limodzi, ndipo iye amafunsa kuti gulu ili ndi la maselo ati, ndipo n'chifukwa chiyani lachuluka m'bondo la wodwala uyu kusiyana ndi la wodwala rheumatoid. Njira yomweyi ndi imene inathandiza ofufuza a ku Brigham and Women's Hospital ku Boston ndi anzawo a ku New York kufalitsa mu 2023 kuti molumikizana mafupa mwa odwala nyamakazi yobwera ndi mankhwala a khansayi mumadzaza maselo T a mtundu wa CD8 okhala ndi chizindikiro cha CD38 chochuluka, amene aberekana kuchokera ku maselo ochepa oyambirira.

Ponena za udindo wake, postdoc si sukulu inanso ayi, ngakhale achibale ambiri amadandaula kuti mwana wawo samaliza kuphunzira. Ndi ntchito yolipidwa ya zaka zingapo pansi pa wofufuza wamkulu, imene munthu amayesedwa nayo pa zimene wafalitsa m'magazini a sayansi asanapatsidwe labotale yakeyake.

Mukadzaimbiranso foni, mudzamufunse ngati wayerekezerapo maselo T a m'bondo ndi a m'magazi kapena a m'chotupa cha wodwala yemweyo. Banja lililonse la maselowa lili ndi chidindo chakechake chimene kompyuta imatha kuchilondola, ndipo chidindo chimodzi chikapezeka m'chotupa ndi m'bondo momwe, ndiye kuti asilikali omwewo akumenya mbali ziwiri, zomwe zingachititse kuti kuwalekanitsa kukhale kovuta kwambiri.