Funsani za Maulendo: Masiku 6 Kumpoto kwa Spain

FUNSO: Ine ndi mayi akunyumba tikupita kukaona mwana wathu amene amagwira ntchito ku Madrid, ndipo walonjeza kutibwerekera galimoto kwa masiku 6. Mayi akufuna kukapemphera m'matchalitchi akale a ku Burgos, León ndi Santiago de Compostela. Ine mtima wanga uli kumidzi ya m'mapiri a Picos de Europa. Pa mapu malowa akuoneka oyandikana. Kodi tingakwanitse zonsezi?
Bambo wowerenga

YANKHO: Bambo, mapu saonetsa zitunda. Santiago ikhale ya ulendo wina. Kuchokera ku León kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 300, ndiye kupita ndi kubwera mwadya masiku awiri muli khale pampando wa galimoto.

Yambirani ku Burgos, makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Madrid pa msewu wa A-1. Galimoto muisiye kunja kwa chigawo chakale cha mzindawo, poti timisewu ta m'katimo ndi ta oyenda pansi. Tchalitchi chakumeneko anayamba kuchimanga mu 1221, ndipo pakati pake penipeni pali manda a El Cid, msilikali wotchuka amene anamwalira mu 1099. Koma chimene ine ndimakumbukira kwambiri ndi kachidole kotchedwa Papamoscas, kali m'mwamba pafupi ndi khomo lalikulu, kamene kamatsegula pakamwa ola likakwana. Tinaima pansi pake anthu akuluakulu, makosi m'mwamba, kukamwa yasa, osasiyana ndi kachidoleko.

Mawa lake gonani ku León. M'tchalitchi chakumeneko mulowe dzuwa likuwala, chifukwa ulemerero wake uli m'mawindo. Magalasi amitundumitundu alipo okwana masikweya mita pafupifupi 1,800, moti kuwala kofiira ndi kwabuluu kumagwera pa zipilala, pansi, ngakhale pa malaya amene mwavala. Panja mudzaona anthu a nsapato zafumbi, chigoba cha nkhono chili lende pa chikwama. Amenewo akupita ku Santiago wapansi. Mayi akacheze nawo, mwina mtima ukhala m'malo.

Tsopano mapiri anuwo. Kuchokera ku León kudzera ku Riaño mpaka ku Potes, tauni ya m'munsi mwa mapiri a Picos de Europa, ndi makilomita pafupifupi 150 okha, koma mupatse msewuwo theka la tsiku. Pa Riaño imani muthire mafuta, muyang'anenso nyanja ili pamenepo: mudzi wakale uli pansi pa madziwo, anaugwetsa mu 1987 chifukwa cha damu. Kenako msewu wa N-621 umakwera mpaka pa San Glorio, mamita 1,609 kuchokera pa nyanja yamchere, n'kuyamba kutsetsereka mokhotakhota ngati njoka yopsa ndi moto.

Apa mpamene ine ndinachita manyazi. Ndinatsetsereka phazi lili pa buleki njira yonse, mpaka fungo la chinthu chopserera linalowa m'galimoto. Ndinaima pambali kudikira kuti mabuleki azizire, chifunga chili bii, ndikungomva mabelu ngwe ngwe osaona chowaliza. Posakhalitsa ng'ombe zinatulukira pamsewu pomwepo, iliyonse ndi belu lake m'khosi, osalabadira n'komwe za ine. Inu mutsetsereke ndi giya yachiwiri, injini ndiyo igwire galimoto. Ngati ulendo wanu uli pakati pa Disembala ndi Marichi, funsani kaye za chipale chofewa, chifukwa msewuwu nthawi zina amautseka.

Ku Potes khalani masiku awiri athunthu. Pafupi pomwepo pali nyumba ya amonke ya Santo Toribio de Liébana, kumene amasunga chidutswa cha mtengo chimene amakhulupirira kuti ndi cha mtanda wa Yesu, choncho mayi sadzati mapiri awalanda mapemphero. Inu pitani ku Fuente Dé mukakwere kangolo koyenda pa chingwe, kamene kamakweza anthu mamita 753 m'mphindi 4 zokha. Mukadzuka n'kuona nsonga za mapiri zaphimbika, dikirani mawa. Kulipira ma euro kuti mukaone mtambo m'kati mwake n'kutaya ndalama. Tsiku lomaliza ndi lobwerera ku Madrid basi, musaikemo china.

Ku Spain amayendetsa kumanja, ndipo magalimoto ambiri obwereka ndi osintha giya pamanja. Ine tsiku loyamba ndinkangogunda chitseko ndi dzanja lamanzere pofuna giya. Chakudya chamadzulo m'malo odyera chimayamba mochedwa, cha m'ma 9 koloko, ndiye muzikhala ndi kenakake m'chikwama.

Musananyamuke pezani laisensi yoyendetsera galimoto kunja kwa dziko lanu, ndipo mumuuze mwanayo kuti dzina lanu lilembedwe pa mapepala obwerekera monga dalaivala. Likapanda kulembedwa, n'kuchitika ngozi inu muli pa chiwongolero, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.