Tiyankheni: Pulezidenti akasowa aphungu okwanira, dziko limayenda bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Chilomoni. Mdzukulu wanga amene amatsata nkhani zakunja wandiuza kuti ku America boma limatha kutseka maofesi ake chifukwa choti pulezidenti ndi aphungu akanika kumvana pa bajeti. Kodi zimenezi zingachitike kuno? Ndipo kodi sichingakhale chanzeru kuti povota tizisankha pulezidenti ndi aphungu a chipani chimodzi kuti chitukuko chisamachedwe?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mdzukulu wanuyo sananame. Ku America, pulezidenti amasankhidwa payekha pa zaka zinayi zilizonse, pamene aphungu onse 435 a nyumba yaing'ono amasankhidwa pa zaka ziwiri zilizonse, choncho si zachilendo kuti pakati pa ulamuliro wake pulezidenti apezeke kuti nyumbayo yapita m'manja mwa chipani chotsutsa. Popeza kumeneko boma silingagwiritse ntchito ndalama zimene aphungu sanavomereze, kusamvana kukafika tsiku lomaliza maofesi ambiri amatsekedwa ndipo antchito amakhala osalandira malipiro. Zinachitika kwa masiku 16 mu 2013 pa nthawi ya Barack Obama, ndiponso kwa masiku 35 kuyambira mu Disembala 2018 mpaka mu Januwale 2019, pamene Donald Trump ankafuna ndalama zomangira mpanda m'malire a dziko lake ndi Mexico.

Kuno kwathu tinafika pafupi ndi zimenezi, ndipo inu mukukumbukira bwino chifukwa mwina munali mukadali pantchito. A Bingu wa Mutharika anapambana chisankho cha 2004 pa tikiti ya UDF, koma mu Febuluwale 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa DPP, chipani chimene sichinapikisane nawo pa chisankho chimene chinabweretsa aphungu a nthawi imeneyo. Kuyambira pamenepo boma linali ndi aphungu ochepa, ndipo ambiri mwa amene ankakhala mbali ya boma anali ochita kusamuka kuchokera ku zipani zina. Apa m'pamene panabukira nkhani ya gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, limene limapatsa sipikala udindo wolengeza kuti mpando wa phungu ulibe munthu ngati phunguyo wasiya chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china chimene chili m'Nyumba ya Malamulo. M'chaka chomwecho otsutsa anayamba kukonza njira yochotsera pulezidenti paudindo, ndipo mkangano unakula kwambiri mwakuti mu Juni 2005 sipikala, malemu a Rodwell Munyenyembe, anakomoka zokambirana zili mkati ndipo anamwalira patapita masiku ochepa.

Bwalo lalikulu la apilo litagamula mu Juni 2007 kuti gawo 65 ndi lovomerezeka, MCP ya a John Tembo ndi UDF zinaumirira kuti sipikala ayambe wathana ndi aphungu osamukawo, bajeti ibwere pambuyo. Boma linkanena zosiyana, kuti bajeti iyambe. Masiku amenewo chaka cha ndalama za boma chinkayamba pa 1 Julaye, koma bajeti ya chaka chimenecho inadutsa mu Seputembala, mafumu, mipingo, ophunzira ndi mabungwe atachita kulowererapo, chifukwa anthu ankaopa kuti makuponi a fetereza wotsika mtengo achedwa mvula n'kugwa. Bajeti itangodutsa, pulezidenti anatseka zokambirana za Nyumbayo, nkhani ya gawo 65 isanakambidwe, ndipo chaka chotsatira mkangano womwewo unabwereranso.

Chimene chinatiteteza kuti maofesi asatsekedwe ngati ku America ndi chakuti malamulo athu ali ndi mpata wakuti, Nyumba ya Malamulo ikalola, nduna ya zachuma ingathe kutapa ndalama zoyendetsera ntchito za boma kwa miyezi yosapitirira inayi bajeti isanavomerezedwe. Mpata umenewu uli ndi malire ake, ndipo nawonso umadalira aphungu omwewo, choncho yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti zingachitike, ngakhale kuti sizichitika msanga monga kumeneko.

Ndi bwino kudziwanso zida zimene mbali iliyonse ili nazo. Pulezidenti wa Malawi sangathetse Nyumba ya Malamulo n'kuitanitsa chisankho china chifukwa choti aphungu akumuvuta, ndipo aphungu nawo sangamuchotse pongonena kuti sakumukhulupiriranso monga amachitira ndi nduna yaikulu ku Britain. Kuti amuchotse pamafunika mlandu waukulu wophwanya malamulo ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu. Pulezidenti angathe kukana kusaina bilu, monga anachitira a Peter Mutharika mu Malichi 2020 ndi mabilu okhudza chisankho, koma gawo 73 limanena kuti aphungu akaivomerezanso biluyo ndi mavoti ongoposa theka m'nthawi yoikika, ayenera kuisaina pasanathe masiku 21. Ku America, kuti aphungu agonjetse kukana kwa pulezidenti pamafunika magawo awiri mwa atatu m'nyumba zonse ziwiri. Pamapepala, ndiye kuti aphungu athu ali ndi mphamvu pa mabilu kuposa anzawo a kumeneko.

Pa funso lanu lachiwiri, ine sindikugwirizana nanu, ndipo chifukwa changa ndi zimene tinaona tokha. Mu 2009 Amalawi, atatopa ndi mikangano ija, anapatsa a Bingu mavoti pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo DPP inapeza mipando yoposa 110 mwa 193. Bajeti zinayamba kudutsa mosavuta, zoonadi, koma m'nyengo yomweyo ndi mmene mbendera ya dziko inasinthidwira mu 2010 anthu ambiri akudandaula, ndi mmenenso munadutsira lamulo lopatsa nduna mphamvu yoletsa zofalitsidwa komanso lamulo lovutitsa anthu kutenga ziletso za khoti polimbana ndi boma. Munalibe m'Nyumbamo wotha kuimitsa zimenezi, ndipo mkwiyo unakathera m'misewu pa 20 Julaye 2011, kuno ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kumene anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Yerekezani ndi Julaye 2002, pamene bilu yochotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire inalephera chifukwa chopereweza mavoti atatu okha. Chikanakhala kuti chipani cholamula chinali ndi aphungu ochuluka monga mukufuniramu, biluyo ikanadutsa.

Ndiponso kukhala ndi aphungu osakwanira ndiye chizolowezi cha ndale zathu. Mu 1994 UDF ya a Bakili Muluzi inapeza mipando 85 mwa 177, ndipo pofuna kuti boma liziyenda anagwirizana ndi AFORD, mpaka malamulo anasinthidwa kuti pakhale udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri wa pulezidenti umene anapatsidwa a Chakufwa Chihana. Mu 2014 aphungu oima paokha anali 52, kuposa a chipani chilichonse, ndipo sipikala anachokera ku MCP pamene boma linali la DPP. A Joyce Banda mu 2012 ndi a Lazarus Chakwera mu 2020 onse analowa m'boma n'kupeza Nyumba imene inasankhidwa iwo asanakhale pampando.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi njira imene atsogoleri athu amapezera aphungu operewerawo. Kumene zipani zili zolimba, pulezidenti wopanda aphungu okwanira amakhala pansi ndi atsogoleri a zipani zina, amasiyako zina mwa zofuna zake, ndipo zimene agwirizana zimadziwika kwa onse. Kuno kawirikawiri amakoka aphungu mmodzimmodzi, wina ndi unduna, wina ndi lonjezo la msewu kapena mlatho m'dera lake, ndipo popeza malamulo athu amalola phungu kukhalanso nduna, nyambo imeneyi siisowa. Tinaziona mu Epulo 2012, pamene aphungu ambiri amene dzulo lake ankanyoza a Joyce Banda anathamangira mbali ya boma maliro a a Bingu asanathe n'komwe. Wovota wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene anasankha phungu kuti akadzudzule boma amangomva pawailesi kuti phunguyo tsopano akuti akufuna kugwira ntchito ndi boma la lero, ndipo alibe chochita mpaka zaka zisanu zithe, chifukwa gawo 64 limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo linafafanizidwa mu 1995, ndipo nyumba yachiwiri ya Seneti, imene inayenera kuunikanso ntchito za aphungu, inachotsedwa m'malamulo mu 2001 isanakhazikitsidwe n'komwe.

FUNSO: Ine ndimagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Kodi pulezidenti amaloledwa kukana kupita ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso?

YANKHO: Mayi, gawo 89 limanena kuti pulezidenti aziitanidwa kukayankha mafunso a aphungu. Kwa zaka zambiri atsogoleri athu ankangopita kukatsegulira zokambirana n'kubwerera, mpaka a Chakwera anakayankha mafunso mu Seputembala 2020. Amene ali ndi udindo womuitana ndi aphunguwo, choncho ngati phungu wanu abwera kumsikako, mufunseni ngati iye ndi anzake anapemphapo zimenezi kwa sipikala.