Musanyengedwe ndi 3,500 ya papepala

Achimwene, musamvere akukuuzani kuti Land Cruiser yakale ndi yatsopano zimakoka thirela chimodzimodzi poti zonse analemba makilogalamu 3,500. Nambala imeneyo ndi ya thirela yokhala ndi mabuleki akeake. Yopanda mabuleki malire ndi 750 basi, ndipo ogulitsa satchula zimenezi chifukwa chawo n'choti galimoto ichoke pakhomo. Zimandiwawa kwambiri.

Land Cruiser 80 ya injini ya 1HZ ili ndi mphamvu yokokera pafupifupi 285 Nm, pomwe 300 ya dizilo yomwe inatuluka mu 2021 ili ndi 700 Nm komanso magiya 10. Pachitunda 80 imachita kukwawa, singano ya kutentha ikukwera. Komabe chitunda sichipha munthu, choopsa ndi mtsetse. Katundu wachuluka kumbuyo kwa thirela, lole yakudutsani ndi mphepo yake, mukungomva mchira wa galimoto ukukokedwa kumanzere, kenako kumanja, ulendo wachitatu thirela yonse yaonekera pagalasi lam'mbali. Phazi limathamangira lokha pa buleki, manja nkuyamba kulimbana ndi chiwongolero, ndipo apa m'pamene thirela imapinda nkukankha galimoto m'mbali mpaka kuigudubuza. Chofunika n'kuchotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, chiwongolero chili chilili, ndipo ngati muli ndi brake controller, kachipangizo kam'galimoto kolamulira mabuleki a thirela, mufinye mabuleki a thirela okha ndi dzanja. Land Cruiser 200 yam'mapeto ndi 300 zili ndi kompyuta yomwe imagwira tayala limodzilimodzi ikamva kugwedezekako. Ya 80 ilibe, zonse zili m'manja mwanu.

Ndiye pakirani bwino: magawo 60 pa 100 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo ya thirela, ndipo pa tow ball, kampira kachitsulo kokolekapo thirela, patsamire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse. Kulemera kumeneko kumadya katundu amene galimoto imaloledwa kusenza. Ya 200 imasenza pakati pa makilogalamu 600 ndi 700, mukachotsapo 350 a pa tow ball mwatsala ndi malo a anthu anayi opanda chikwama.

Za kufewa pamsewu, 80 ndi Nissan Patrol Y61 zili ndi ekiselo yamtanda umodzi kutsogolo, tayala limodzi likagwa m'dzenje thupi lonse limadziwa. Kuyambira pa 100 ya mu 1998, kupatula mtundu wake wa 105 womwe unatsala ndi ekiselo yamtanda umodzi, matayala akutsogolo amayenda lililonse palokha, n'chifukwa chake msana umapuma. Koma onaninso marimu. Tayala la mainchesi 16 lili ndi mnofu wambiri m'mbali ndipo limameza timabampu tomwe la mainchesi 20 limakubweretserani mpaka pampando.

Pomwe pamandipsetsa mtima ndi pa AHC, makina okweza ndi kutsitsa galimoto ndi mafuta, ya 100 ndi Lexus LX470. Muli timipira tinayi tokhala ndi mpweya wa nitrogen, mpweyawo ukatha galimoto imauma gwa, kumadumpha ngati ngolo ya ng'ombe. Makaniko wosadziwa amangoti mashoko atha, mumagula, palibe chosintha. Wina amafika pothiramo mafuta a mabuleki m'thanki yake, marabala onse nkufufuma, pampu nkufa. Imeneyi imafuna mafuta akeake a AHC, ndipo akakhudza ndi zina musamubwezerenso galimoto munthu ameneyo.

Giyaboksi ya otomatiki musaiiwale. Pokoka tsekani giya yapamwamba kuti isamangosinthasintha, muikenso cooler yapadera yoziziritsa mafuta ake, mafuta akayamba kununkha chopserera ndiye kuti makilachi am'kati ayamba kupita.

Ngakhale zili choncho, ngati kumene mukakhale kulibe munthu wa makina oyezera zolakwika, tengani 80 kapena 105 yomweyo. Dizilo wamadzi amene 1HZ ingangotsokomola naye amatha kupha mainjekita onse asanu ndi atatu a injini ya 1VD ya 200. Muisinthire masipuring'i, mashoko ndi mabushi, muchape rediyeta, muike brake controller, ndipo musadutse makilomita 80 pa ola mukakhala ndi thirela.