Kakompyuta ka pa njinga kakamanama liwiro

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Zomba amene amapalasa njinga yampikisano. Akuti kakompyuta kake kopanda waya, koyeza liwiro ndi mtunda, kayamba misala: pa mtsetse kamalemba 0, m'mamawa nthawi zina kamalumphira pa 80 iye akupuma pa chitunda, ndipo makilomita ake sagwirizana ndi a mnzake amene amayeza ndi foni. Funso lake ndi lakuti: ndikataye?

Musakataye, achimwene. Mwandiuza matenda atatu osiyana, ndipo onse ndi otchipa kuchiza.

Tiyambe ndi 0 wa pa mtsetseyo. Pa sipoko yanu pali maginito, pa foloko pali sensa. M'kati mwa sensa muli tizitsulo tiwiri topyapyala timene timagundana maginito akadutsa, ndipo kugundana kulikonse ndi kuzungulira kumodzi kwa tayala. Tukulani kutsogolo kwa njinga pamalo a zii, zunguzani tayala pang'onopang'ono, ikani khutu pafupi. Mumve kuti "thi, thi". Mpata wa pakati pa maginito ndi sensa usapitirire mamilimita 5, ine ndimaukonda pa 2 kapena 3. Mabampu ndi maenje amasuntha maginito pang'onopang'ono, ndipo tizingwe tapulasitiki tomangira sensa timauma ndi dzuwa n'kuyamba kulekerera. Mpata ukakula, poyenda pang'ono zimagwirabe, koma pa liwiro maginito amadutsa msanga tizitsulo tisanagundane. Tsitsirani zonse ziwiri chakufupi ndi habu: kumeneko maginito amayenda pang'ono, komanso masipoko amayandikira foloko.

Koma musatsitse mopyola. Tikompyuta tambiri ta mtundu wanuwu sitimva sensa ikatalikira kuposa masentimita 70, ndipo batire likafooka mtundawu umachepanso. Anthu amasintha batire la pa handulo n'kuiwala kuti sensa nayo ili ndi lake. Kawirikawiri onse ndi CR2032, a mavoti 3. Sinthani onse tsiku limodzi, ndipo gulani omata m'pepala lake, osati aja ongokhala padzuwa pa benchi ya wokonza mawotchi. Ena amapakidwa mankhwala owawa kuti ana asameze, ndiye pukutani kaye ndi kansalu ka sipiriti, apo ayi moto sudutsa bwino. Mukaona dzimbiri lobiriwira m'chipinda cha batire, dziwani kuti mvula inalowa. Palani, ndipo onani ngati kalabala ka pa chivindikiro kakadali kamoyo.

(Chinandichitikira ine n'chochititsa manyazi. Nditamata tchubu ndinabwezera tayala motembenuza, maginito kumanzere, sensa kumanja. Sabata yonse ndinkatukwana kachipangizo kosalakwa.)

Za 80 wa pa chitunda, mawu akuti "m'mamawa" ndi amene akuululirani. Ndikukhulupirira mumayatsa nyali ya LED, ndipo ili phewa ndi phewa ndi kakompyutako. Nyali zimenezi, makamaka zikamaphethira, zimatulutsa mafunde amene kakompyuta kamayesa ndi sensa. Mawaya akuluakulu a magetsi amachitanso chimodzimodzi mukamadutsa pansi pake. Zimitsani nyaliyo muone ngati manambala akhazikika. Akakhazikika, isamutsireni mbali ina ya handulo kapena pa chipewa.

Makilomitawo ndi nkhani ya nambala ya tayala, imene imauza kakompyuta mtunda umene tayala limayenda likazungulira kamodzi. Mukachotsa batire, tikompyuta tina timaiwala n'kubwerera ku nambala ya kufakitale. Tayala la 700x23 ndi 2096, la 700x25 ndi 2105, la 700x28 ndi 2136, zonsezo mamilimita. Ine ndimakonda kuyeza ndekha: popani mpweya wa masiku onse, ikani valavu pansi penipeni, chongani pa simenti ndi choko, kwerani, yendani mpaka valavu ibwerere pansi, chonganinso, yezani ndi tepi, ndipo lowetsani nambalayo m'kakompyutako. Mukatero n'kumasiyanabe pang'ono ndi mnzanuyo, musafulumire kumugonjera. GPS ya foni imadula makona, ndipo pansi pa mitengo ya paini ya paphiri la Zomba imasochera ndithu.

Chitani zimenezi Loweruka, kuyambira pa maginito, kenako mundilembere zomwe kalemba pa mtsetse womwe uja.