Kodi jakisoni wa pamsana amapuwalitsa?

Funso: Adokotala, ndatsala pang'ono kuchira. Kusikelo andiuza kuti mwana wagona mopingasa, ndiye ndidzabereka kudzera opareshoni. Apongozi anga akuti ndikane jakisoni wa pamsana chifukwa amapuwalitsa, bola andigoneke basi. Nditani? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, apongozi anuwo akunena mokufunirani zabwino, koma pamenepa musawamvere. Kwa mayi woyembekezera, kugonetsedwa ndiye kuli ndi chiopsezo chachikulu. Pakati pakakula kukhosi kumatupirako mkati, moti kulowetsa chubu chopumira kumavuta, komanso za m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo muli mtulo. Mankhwala ogonetsawo amafikanso kwa mwana.

Jakisoni wa pamsana si wachilendo. Anayamba naye ndi dokotala wina, August Bier, ku Germany mu 1898. Masiku ano timabaya mankhwala otchedwa bupivacaine ndi singano yopyapyala kwambiri. Mudzakhala tsonga patebulo, kuwerama ngati mukusankha nyemba pa lichero, ndipo singanoyo imalowa cha m'chiuno, kumunsi kwa pomwe mtsempha waukulu wa mumsana umathera. N'chifukwa chake kupuwala kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Miyendo imayamba kutentha, kenaka kulemera, dzanzi n'kukwera mpaka cha pachifuwa. Mudzamva akukoka ndi kukankha, koma osati ululu, ndipo mwana akalira mudzamumva nokha. Pakatha maola angapo miyendo imabwerera mwakale.

Zovuta zilipo ndithu. BP imakonda kutsika, n'chifukwa chake amakuikani diripu ndi kukuyezani pafupipafupi. Mukamva nseru kapena chizungulire nenani pomwepo. Ena mutu umawawa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, makamaka akadzuka, n'kusiya akagona. Umenewo umatha, koma awuzeni anamwino. Ngati magazi anu saundana msanga kapena mukutaya magazi ambiri, ogonetsa akhoza kusankha kukugonekani, ndipo pamenepo amakhala ndi chifukwa.

Izi zinafufuzidwa konkuno. Dokotala Paul Fenton ndi anzake anatsatira maopareshoni oberekera 8,070 m'zipatala 25 za m'Malawi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2003. Imfa zinachuluka mwa amayi ogonetsedwa kuposa obayidwa pamsana. Koma chimene ine chimandikhudza kwambiri ndi ichi: ambiri mwa amene anamwalira sanafere kuthiyeta, anafera muwodi opareshoni itatha kale.

Ndiye apongoziwo apatseni ntchito. Ngati ndiwo adzakhale gadiyani, usiku woyamba asatalikire. Aziyang'ana nsalu yomwe mwagonera. Ikamanyowa magazi msanga, kapena mukayamba kuzizira manja, kupuma mobanika, kusokonezeka mutu kapena kugona kosadzutsika, athamange kukaitana namwino, asadikire kuti kuche. Tsiku la opareshoni musadye kuyambira nthawi imene akuuzani, ndipo muulule mankhwala onse amene mukumwa, ndi achikuda omwe.